Ng'anjo ya Akambewe Yomwe Inakana Kubala Magoli

Senderani kuno, inu akumbuyoko, chifukwa nkhani iyi sindiyankhula mokuwa ngakhale imandiwawa pamtima.

Kalekale, makolo athu akuchokera kumpoto, mitundu ina inasenza mbewu, ina inakusa mbuzi, koma mbumba ya Gomeza Mbewe inasenza nyundo ndi mvukuto basi. Anthu amenewa anali osula, ndipo atafika paphiri la Kamvukuto, pamene panali mtapo wachitsulo, anaumba ng'anjo yawo namanga mudzi. Gomeza atamwalira, nyundo inagwera mwana wa mlongo wake, Kamtedza, monga mwa mwambo wathu wachikamwini.

Tsono mumvetse bwino. Kwa iwo ng'anjo inali mayi, ndipo chitsulo chikamatuluka ankati mayi wachira. Lamulo lawo linali limodzi: mayi ameneyu amabala khasu ndi nkhwangwa, sabala chinthu chopweteka munthu. Ngakhale mkondo wosakira nyama ankachita kukagula kwina. Ukawafunsa kuti ndinu yani, ankangoti, "Ndife a khasu."

M'masiku a Kamtedza kunabwera Mkwapatira, mkulu wa anthu amfuti ogwira akapolo. Iyeyu ankamanga anthu ndi goli, mtengo wamphanda uja woika pakhosi, koma zitsulo zotsekera magoliwo zinali zitamuthera. Anauza osulawo kuti akamusulira zitsulozo mudzi wawo sadzaukhudza, koma akakana adzautentha.

Pabwalo panavuta. Sankhulani, mng'ono wake wa Kamtedza, anaimirira nati, "Achimwene, chitsulo n'chitsulo. Kodi tife tonse chifukwa cha kamtengo kapakhosi pa mlendo?"

Kamtedza anamuyankha mwaukali. "Mlendo? Iwe, khasu limene unasula dzana wagula ndani? Si mlendo yemweyo? Lero timulimitse, mawa timutseke pakhosi? Ukasula chimenecho usadzatchulenso dzina la amalume!"

Koma mantha ndi chinthu choipa, abale anga. Kamtedza atapita kukagulitsa makasu kutsidya la mtsinje, Sankhulani ndi amuna ena anakoleza ng'anjo, nasula zitsulo zija dengu lodzaza. Zamanyazi! Ng'anjo yomweyo imene inadyetsa dziko lonse!

Pobwerera, Kamtedza anakumana ndi mzere wa akapolo panjira, nabisala patchire. Pakati pawo anaona Nabiyeni, mayi amene chaka chilichonse ankabwera ndi mapira kudzasinthanitsa ndi khasu, ndipo pakhosi pake panali chitsulo chosulidwa bwino, chopindidwa kunsonga monga amapindira a kwa Gomeza okha. Mayiyo sanamuone, koma Kamtedza anadziwa dzanja la mng'ono wake.

Atafika kumudzi, sanalowe m'nyumba, sanamwe madzi. Anakwera kuphiri ndi nyundo ya Gomeza, nafuula kuti, "Mayi wabala njoka, ndipo sadzabalanso!" Atamenya ng'anjoyo, inabuula ngati munthu, mudzi wonse n'kumva. Chitsulo chamoto chinatuluka n'kuyenderera kutsetsereka ngati madzi a mvula, ngakhale kuti ng'anjoyo inali itazizira kale.

Pamenepo mbumba inagawikana. Kamtedza anati amene akadali a khasu amutsate, ndipo alongo ake ndi ana awo ananyamuka naye kulowera kumadzulo, kusiya nkhokwe zodzaza. Anavutika, inde, ena anafera m'njira. Koma kulikonse kumene ankafika, anthu akamva kuti awa ndi aja anaswa ng'anjo yawo pokana magoli, ankawabisa m'mapanga ndi kuwadyetsa, chifukwa mudzi uliwonse umafuna khasu, ndipo umafuna wosula amene sangakugulitse.

Sankhulani anatsala, naumba ng'anjo ina, nasulira Mkwapatira mpaka zitsulo zinakwanira. Zitakwanira, wosula analibenso ntchito. Amfuti anazinga mudziwo, ndipo Sankhulani anapita kunyanja yamchere atatsekedwa pakhosi ndi chitsulo chosula yekha.

Mukapita ku Kamvukuto lero, mudzaona mwala wakuda wotsetsereka kuchokera pamwamba mpaka kudambo, ndipo pamenepo sipamera udzu, ngakhale mbuzi sizipondapo. Ife adzukulu a alongo a Kamtedza tikamadutsa timalavula pansi, osati kulavulira mwalawo ayi, koma amene anauchititsa.

Chonde, mukakafika kwanu, mukawauzeko ana nkhaniyi, makamaka amene ayamba kugwira nyundo.