Tayani, Mwana Woleredwa ndi Njiwa

Nthano iyi adandiuza ndi mayi Nankhoma, amene adalera ana zaka zambiri pa sukulu ya mkombaphala ya kwathu. Mulungu awasunge kumene ali. Tidali pa mzere wa sikelo, ine nditabereka woyamba wanga kumbuyo. Ndikuuzani monga adandiuzira, osaonjezera.

Kalekale, kale ndithu, padali mayi wina dzina lake Nazimbiri.

Adabereka mwana. Adamuimbira, adamuseketsa. Mwanayo adamwalira.

Adabereka wachiwiri. Adamuimbira, adamuseketsa. Nayenso adatsikira kuli chete.

Wachitatu chimodzimodzi.

Nazimbiri adati mumtima, "Imfa ili ndi makutu. Imamva nyimbo zanga, nkudziwa kuti muno muli khanda."

Atabadwa wachinayi, wamkazi, adamutcha Tayani, kuti Imfa iziyesa ndi chinthu chopanda ntchito. Ndipo adalumbira kuti sadzalankhula naye mpaka atakula.

Ankamuyamwitsa ali chete. Ankamusambitsa ali chete. Mwana akamwetulira, mayi ankayang'ana kumbali, misozi ili mbwembwembwe.

Anzake kuchitsime ankati, "Anazimbiri, mwabereka mwana kapena mtolo wa nkhuni? Tamuseketsaniko!"

Iye ankati, "Ine ndaika ana atatu. Inu mwaika angati?"

Onse ankangosenza mitsuko yawo, nkumapita.

Kumunda ankamugoneka pansi pa msuku, iye nkumalima chapatali. Mumtengomo munkakhala njiwa. Tsiku lina njiwa idatsika.

"Kuku, kuku! Ndiwe mwana wa yani?"

Mwana adati, "Aa."

"Wayankha!" idatero njiwa. "Nenanso."

Mwana adanenanso. Njiwa idayankhanso.

Mawa lake chomwecho. Mkuja chomwecho. Mwana akaloza tsamba, njiwa inkamuuza dzina lake m'chinenero cha njiwa. Akaloza mtambo, chimodzimodzi.

Njiwa idapita kwa Nazimbiri. "Mayi, mwana wanu akuitana. Muyankheni."

"Khala chete, mbalame iwe! Imfa ingamve."

"Ine ndizimuyankha, koma mawu a anthu ndilibe."

Mvula idagwa, idakata. Idagwanso, idakatanso. Zaka zidakwana zisanu. Imfa inkadutsa pamudzipo, koma pakhomo pa Nazimbiri sidaime.

Nazimbiri adati, "Ndapambana!" Adagwada pamaso pa mwana wake. "Mwana wanga, ndine mayi ako. Tanena, amayi."

Tayani adangomuyang'ana.

"Nena amayi, mwanawe."

Tayani adati, "Kuku."

Mayi adaimba nyimbo zonse zimene adasunga zaka zisanu. Adaimba mpaka mawu adasasa. Tayani adatseka makutu, nathawira ku msuku. Ana anzake akamuitana kukasewera, sankamva. Iwo ankamuseka, nkumuponyera madeya.

Nazimbiri adapita kwa njiwa akulira. "Ndibwezere mwana wanga!"

Njiwa idati, "Ine sindidamube. Tsiku lililonse ankati odi kwa inu. Amene adavomera ndine."

Anthu atakolola, njiwa zidanyamuka kupita kuthengo. Tayani adatambasula manja, nazithamangira.

"Tayani! Tayani! Bwerera!"

Koma mwanayo sankadziwa kuti dzinalo ndi lake. Sadacheuke. Adalowa m'thengo, ndipo palibe adamuonanso.

Nazimbiri adakalamba ali pansi pa msuku uja, akulankhula ndi njiwa iliyonse yotera. "Kodi mwamuona? Mumuuze kuti tsopano ndikuyankha."

Apa mayi Nankhoma adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndidati mumtima, Ambuye, chitirani chifundo amayi onse amantha. Kenaka iwo adamaliza, ndipo mawu ake ndi awa:

"Mayi uja sadali woipa, mwanangu. Adali wamantha, ndipo padalibe womukhazika pansi. Adatsekera Imfa kunja, mwana nkutsala kunja komweko. Khanda likati aa, usadikire kuti likule. Limamva amene waliyankha, ndipo limakhala mwana wa ameneyo. Yanga nthano yathera pamenepa."