Vinyo Amene Anadikira Chambo

"Bambo a Stella, chakumwa sichisungidwa ngati khasu. Tsegulani botololo anzanu akadali ndi mano."

Anatero mayi Esther tsiku limene amuna awo, a Elson, anapuma ntchito yophika kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi. Bwanayo anawatsanzika ndi botolo la vinyo woyera. A Elson sanamve. Analikulunga m'nyuzipepala n'kuliika pamwamba pa kabati, pafupi ndi malata. Ine zinthu zoikidwa pamwamba ndimaziopa.

A Elson vinyoyo ankamudziwa, poti zaka makumi atatu ankathirira alendo n'kumalawa zotsala m'matambula. Ankati ndi wa mphesa za mitundu iwiri, zina zowawasa ngati ndimu, zina zonunkhira ngati gwafa wakupsa, ndipo zikakumana zimaziziritsana ukali. "Ameneyu amafuna chambo chowotcha chofinyira ndimu, kapena nkhuku yopanda tsabola," ankatero. "Ukamuphatikiza ndi kambuzi, wamupha."

Mnzawo anali mmodzi, a Yakobo a ku Likhubula, amene anakalambira kusenza katundu wa alendo m'phiri. Loweruka lililonse ankabwera kudzasewera bawo. Tsiku lina anafika atangotuluka m'chipatala, atanyamula kalongonda m'kambale.

"Achimwene, tsitsani uja wa abwana tilaweko. Mawondo awa akundiuza kuti maulendo atsala ochepa."

"Ndi kalongonda? Iyayi! Lilime lanu linapsa ndi kachasu, mungamve chiyani? Mungangoti ndi madzi otsukira ndimu."

A Yakobo anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Anatola ndodo yawo, kambale n'kukasiya pakhonde. Samalani ndi munthu amene waseka chotero. Loweruka lotsatira bawo linangokhala ndi fumbi.

"Pitani mukapepese," anatero mayi Esther.

"Ndidzapita ndi chambo. Akaone mmene amamwera."

Mawa, mawa. Madzinja atatu anadutsa. Mayi Esther anadwala sabata imodzi, basi, n'kupita. Stella, mwana wawo yekhayo, anali atakwatiwa kutali ku Mzimba. Nyumba inakula. A Elson ankadya atayang'ana khoma, n'kumadziyankha okha.

M'mwezi wotentha anakwera minibasi mpaka ku Nkando, anagula chambo ziwiri, anaziwotcha mmene ankachitira kwa bwana, ndimu ndi kamchere. Anatsitsa botolo, anatsuka matambula awiri, ulendo wa ku Likhubula.

Anapeza chitseko chili chomanga ndi waya. Mayi wina woyandikana nawo anasiya kusinja.

"Agogo aja? Anafa ziwalo mbali imodzi, salankhulanso. Ana awo anawatenga chaka chatha, tsidya la malire, mudzi wake sitiudziwa. Masiku oyamba ankangoyang'ana kunjira, kaya ankadikira ndani."

A Elson anatsikira kumtsinje n'kukhala pamwala. Anaika matambula onse awiri, poti manja anali atazolowera. Atatsegula, vinyo anatuluka wofiirira ngati tiyi wogona. Gwafa munalibe, ndimu munalibe. Fungo lake linali la viniga. Kutentha kwa malata kunali kutamuphika zaka zonsezo, mwini wake akugona pansi pake.

Analawa kamodzi n'kulavula. Chambo chimodzi anadya theka, chinacho anachisiyira ntchentche.

Kambale ka a Yakobo kakadali pakabati mpaka lero, pamene panali botolo. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.