Manja Awiri a Abiti Sumaili

Tsiku lina itatha swala ya chakumadzulo ya Asri, kwa mphunzitsi wathu Shehe Twaibu Mkwanda, Allah awachitire chifundo, kunafika bambo wina dzina lake Che Lajabu. Bamboyu anali ndi dimba kutsidya kwa Shire, ndipo ankawoloka pa bwato lake ndi banja lonse. Anapereka salamu ali chiimire, maso ali psuu.

"Shehe, ndabwera kuti mundiuze kaperekedwe ka talaka. Akazi anga, Abiti Sumaili, ndikuwasiya."

Shehe anaika pambali mkanjo umene ankasoka. "Pepani baba, takhalani kaye pamphasapa. Chagwa n'chiyani?"

"Dzulo mwana wathu Swabula, wongoyamba kumene kuyenda, anagwera m'madzi pakati pa mtsinje. Ndinachita kumugwira mwendo akumira. Tulo sindinatione. Mayi wanji wotaya mwana chonchi?"

"Alihamudulillahi, mwana ali moyo," anatero shehe. "Koma ine za bwato sindizidziwa, mundiphunzitse. Inuyo munkatani?"

"Ndinkapalasa."

"Nanga mayi ake?"

"Ankakapa madzi. Bwatolo limalowa madzi pang'ono."

"Anawauza ndani kuti azikapa?"

Che Lajabu anayang'ana pansi. "Ndine."

"Munalinso ena m'bwatomo?"

"Mlamu wanga ndi azakhali. Mwanayo tinkamuyang'anira tonse, ngati masiku onse."

"Tonse," anabwereza shehe motsitsa mawu.

Ife amene tinaphunzira kwa iwo tikudziwa kuti munthu wobwera ndi moto sankamukalipira ayi. Ankamumvera chisoni, n'kumusiya mpaka mtima utsike. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwa Che Lajabu.

Pamenepo shehe anati: "Baba, mantha anu ndawamva, ndipo ndi mantha a bambo wokonda mwana wake. Koma takumbukirani tsiku la nikahi yanu, pamene munkamanga ukwati. Mumzikiti munadzaza anthu, komatu palibe ananena kuti mkaziyu timusamala tonse. Mmodzi anapereka, inu munayankha ndi pakamwa panu kuti ndalandira, ndipo kuchokera pamenepo udindo unali pamutu panu. Mwana m'bwato muzitero naye. Kumtunda akhoza kukhala wa tonse, koma pamadzi akhale wa munthu mmodzi, womutchula dzina bwato lisananyamuke, iye n'kuvomera, ndipo asagwirenso ntchito ina. Akafuna kukapa, ayambe wapereka mwanayo kwa mnzake, mnzakeyo ayankhe kuti ndalandira."

"Nanga za talakayo, shehe?"

"Allah anawapatsa akazi anu manja awiri okha, ndipo onse awiri munawatuma ndinu. Pitani mukamate bwatolo, koma muyambe mwakawapepesa. Inu mwapeza kodandaulira. Iwo ali okha kunyumba, ndipo nawonso tulo sanatione."