Kamzimbi ndi Chuma cha Kuseri kwa Phiri

Kalekale, njanji isanadutse kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Kamzimbi, malume awo a agogo anga. Anali wosula makasu, ndipo ng'ombe zake zinkadzaza khola mpaka pachipata. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri ndi chidwi. Akaona utsi, ankafuna adziwe wasonkha moto ndani. Akamva nkhuku ikulira kwa mnzake, ankafuna adziwe mlendo wafika ndani.

Tsono kumapeto kwa mudzi kunkakhala mayi wina wamasiye, Dorika Nangozo, mmodzi mwa anthu oyamba kubatizidwa kuno. Nsalu yake inali imodzi, yazigambazigamba. Koma anthu akamumvera chisoni, iye ankangoseka n'kunena kuti asadandaule, iye ndi wolemera kuposa mmene akuganizira.

Mawu amenewa anamusowetsa mtendere Kamzimbi. Wolemera? Kulemera kwake kuti, munthu wopanda ngakhale mbuzi? Anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti nthawi zambiri Dorika akaweruka kumunda ankasenza dengu lovundikira, n'kulowera njira ya kuseri kwa phiri, kumene anthu sankapitako. Kamzimbi anati mumtima mwake, basi, mayi uyu anakwirira minyanga ya njovu kumeneko.

Kodi inu mukanatani, ana inu? Mukanakhala pansi? Kamzimbi anasiya mvukuto, moto ukuyaka, n'kumutsatira chapatali.

Anayenda, anayenda, anawoloka mtsinje. Posakhalitsa njira ija anayamba kuizindikira. Kumeneko n'kumene mudzi unkataya anthu akhate. Zaka zambiri m'mbuyomo, iye yemwe anaperekezako mlongo wake, Nachanza, khate litamugwira. Anamusiyira thumba la chimanga, natembenuka, osabwererakonso. Mwini mbumba, kusiya mbumba yake kutchire! Kwa anthu ankati mwina anamwalira, koma kufunsa sanafunse. Munthu wofunsa chilichonse uja, ichi chokha sanafunse.

Anafuna kubwerera, koma chidwi chinamukoka. Anabisala kuseri kwa chulu, nasuzumira.

Anaona timisasa taudzu, ndi anthu akutuluka, ena chokwawa. Dorika anatula dengu. Munalibe minyanga, munali ufa, mchere ndi tinsanza tochapa bwino. Anatenthetsa madzi m'phale, nagwada, nayamba kutsuka mabala mmodzimmodzi, akuyimba chapansipansi. Wina anamumeta tsitsi, wina anamuchotsa matekenya. Kenaka anakhala pansi n'kudya nawo mbale imodzi.

Kamzimbi atafuna kusuntha, kamtengo kanathyoka pansi pa phazi lake. Mayi wina wowonda, wopanda zala, anatukula mutu. Anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Achimwene, ndinu?" anatero mayiyo. "Mwakalambatu. Kumudzi kuli bwanji?"

Anali Nachanza. Sanamukalipire, sanamufunse kuti unali kuti. Anangofunsa za ana ake amene anawasiya ali aang'ono, ngati anakula, ngati anakwatiwa. Kamzimbi anayankha maso ali pansi.

Pobwerera anayenda ndi Dorika mpaka pamtsinje. Pamenepo ndi pamene anafunsa.

"Mayi, chuma munkanena chija n'chimenechi? Simuopa kutenga nthenda?"

"Kuopa ndimaopa, bambo," anatero Dorika. "Koma Yesu amene ndimamupembedza ndimamupeza kumeneku. Ndikawasambitsa awa, ndimabwerera mtima uli wokhuta. Inu ng'ombe zanu zija zinakukhutitsanipo?"

Kamzimbi anabwerera kwawo. Koma mukudziwa, chidwi sichifa. Kumisasa kuja maso ake anali ataona kanthu kena: timinda tathengo, ndi makasu ali gone pansi. Anadzifunsa kuti, munthu wopanda zala angalime bwanji? Funso limenelo linamukhala m'mutu ngati njuchi. Anasula kakhasu kopepuka, nakakhomera pa mpini waufupi, namangirirapo lamba wachikopa woti azikulunga pamkono. Koyamba kanavuka. Kachiwiri kanatupitsa mkono wa Nachanza. Anasula kena, nafewetsa chikopacho ndi mafuta a nsatsi, mpaka tsiku lina mlongo wake anatema nthaka, nthaka n'kutembenuka. Akuti Nachanza anaseka mpaka misozi.

Musaganize kuti zinali zaulere. Anthu atamva kumene Kamzimbi ankapita, anasiya kugula makasu ake. Pamowa ankamupatsa chipanda chakechake. Ng'ombe zija zinayamba kuchepa, ina wapha kuti odwala adye nyama, ina wasinthanitsa ndi mabulangete. Abale anati wapenga. Iye sanatsutsane nawo. Ankangofunsa Dorika mafunso, lero za pemphero, mawa za kukhululuka, mpaka naye anabatizidwa, imvi zili mbuu.

Anatenganso ana a Nachanza, omwe tsopano anali akuluakulu, n'kupita nawo kukaona mayi awo. Nachanza anamwalira mutu uli pamwendo pa mwana wake wamkazi, ndipo mwana ameneyo ndiye agogo anga.

Kamzimbi anafa ndi ng'ombe zowerengeka, koma pamaliro pake panabwera anthu ochokera kuseri kwa phiri, ena atawanyamula pamachira, ndipo palibe anawathamangitsa.

N'chifukwa chake, ana inu, kubanja kwathu kuno wodwala sadya yekha, kaya nthenda yake ndi yotani. Wina akagona, timapita, timasesa, timachapa, timakhala naye. Mukadzakula n'kupeza zanu, musadzafunse kuti ndasonkhanitsa zingati. Mudzafunse kuti, kodi ndani amene ndamuiwala?