Mkamwini Amene Anakwera Phiri Kukaothera Dzuwa

Kalekale, mapiri ena asanapatsidwe ndi mayina omwe, kunali munthu wina dzina lake Kamphinda. Tchera khutu, mphwanga, poti ndamva kuti nawenso wayamba kusuzumira m'midzi ya eni.

Kamphindayu anakwatira mkazi dzina lake Nakwenda, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, m'munsi mwa phiri lalitali. Mkazi wakeyo ankamukonda zedi, pamenepo ndisaname. Kulima ankalima. Vuto lake linali limodzi, nzeru. Anali nazo zambiri moti za anthu ena zinkasowa polowera.

Pamudzipo panali thanthwe lalikulu, losalala, pafupi ndi nkhokwe. Nyengo yachisanu ikafika, mwera ukuwomba, anthu onse ankakhala pathanthwepo m'mawa kuothera dzuwa. Ndipo woyamba kufikapo tsiku ndi tsiku anali a Nachisale, amayi ake a Nakwenda, apongozi ake a Kamphinda.

Tsono mwambo ukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamodzi, sayang'anana m'maso, salankhulana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Choncho a Nachisale akakhala pathanthwe, Kamphinda ankaima kuseri kwa khola, manja m'khwapa, thupi lonse njenjenje.

Lero chimodzimodzi. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

Nakwenda zinamumvetsa chisoni. Anati, "Bambo, bwanji osangopereka tambala wanu uja kwa amayi? Kwathu kuno mkamwini akapereka nkhuku, akuluakulu amathetsa manyazi. Mukatero muzikhala nawo pathanthwe ngati mayi ndi mwana."

Tambalayo anali wofiira psuu. Kamphinda anachoka naye kwawo, ndipo ankamunyadira ngati ng'ombe.

"Tambala wanga? Chifukwa cha mwala?" anatero Kamphinda. "Tandiuza, Nakwenda, chimatentha n'chiyani, mwala kapena dzuwa?"

"Kaya, bambo."

"Ndi dzuwa! Ndipo dzuwa ndi moto. Munthu akafuna kufunda amasendera kufupi ndi moto. Amayi akowo akuothera zotsalira. Ine ndikamanga nyumba pamwamba pa phiri ilo, pakhomo penipeni pa dzuwa. Iwe ndikutenga chitengwa, tichoke pano."

Anapitadi kwa atsibweni ake a Nakwenda kukapempha kuti achoke naye mkaziyo. Atsibweniwo anati, "Mutengeni. Koma mumvetsetse. Mwana wathuyu akadzabwera yekha, mwezi n'kufa inu musanamulondole, ukwati watha. Mkeka wanu ndi khasu lanu mudzazipeza panja."

"Sizingachitike," anatero Kamphinda.

Tsiku la ulendo, a Nachisale anali pamtondo akusinja. Kulankhula naye mkamwini sakanatha. Ndiye anatembenuka, kumupatsa msana, n'kuyamba kuuza mtondo mokweza.

"Iwe mtondo wanga, ukaona anthu ena akupita kuphiri, uwauze kuti ine ndili mtsikana ndinkakazula bowa kumtundako. Ndinkabwerako zala zitauma ndi kuzizira. Uwauze, mtondo wanga."

Kamphinda anamva bwinobwino. Ananong'oneza mkazi wake kuti, "Wamva nsanjeyo? Akufuna dzuwa likhale la iwo okha."

Basi ananyamuka. Nakwenda mphika ndi nyemba pamutu, Kamphinda nkhwangwa paphewa, tambala m'khwapa. Ndipo Kamphinda ankaimba:

Dzuwa, dzuwa, ndidikire,
Kamphinda akubwera, ndidikire,
Apansi adye zotsala, ndidikire!

Anakwera, anakwera. Atangoyamba chitunda anapeza Gulo, buluzi wamkulu uja wogwedeza mutu, atagona chafufumimba pamwala.

"Ulendo wa kuti, anthuni?" anafunsa Gulo.

"Tikukaothera dzuwa pafupi," anatero Kamphinda.

Gulo anati, "Ine ndaothera dzuwa chibadwire, ndipo ndimaothera ndi mimba yomwe. Dzuwa likatuluka limangodutsa mumpweyamu osaima. Limakaima pansi, pamwala ndi padothi. Mwala ukafunda, dothi likafunda, n'zimene zimafunditsa mpweya ndi ife tonse."

"Nanga bwanji kukuzizira chonchi, miyala ili ponseponse?"

"Taonani kumene dzuwa likudzera. Miyezi ino limadzera chammbali, chakumpoto. Limafika pansi mopendekera, n'kulowa msanga. Dikirani chilimwe lidzadzere paliwombo, mudzathawira mumthunzi nokha."

"Dikirani!" anaseka Kamphinda. "Nzeru za chokwawa. Wogona chafufumimba angadziwe chiyani za kumwamba?"

Gulo anangogwedeza mutu, monga amachitira mpaka lero. Kamphinda anati, "Waona, Nakwenda? Wavomereza."

Anakwera, anakwera. Mitengo ikuluikulu inatha. Analowa m'nkhungu yoti mnzako ali apa osamuona. Zovala zinanyowa popanda mvula.

"Bambo, kukuzizira," anatero Nakwenda.

"N'chifukwa choti sitinafike."

Anakwera, anakwera, mpaka anatulukira pamwamba pa nkhunguyo. Mitambo inali m'munsi mwawo, mbuu ngati thonje. Dzuwa linali ngwee, koma mphepo yake yolowa m'mafupa. Pamenepo Kamphinda anamanga kanyumba ka udzu.

Nakwenda anasonkha moto, n'kutereka nyemba. Madzi anawira msangamsanga, Kamphinda n'kusangalala. "Waona mphamvu ya dzuwa? Kumudzi kuja ukanadikira mpaka liti?" Koma nyembazo zinabwata, zinabwata, tsiku lonse, osapsa. Anadya zokukuta.

M'mawa mwake madzi a mumphika anali ataundana pamwamba. Tambala analira kamodzi kokha, mawu ake ngati a munthu wa chifuwa.

Kunabwera Khungubwe, mbalame yakuda ya khosi loyera ija, kudzatola nyemba zotaya. Anaona anthuwo akunjenjemera, n'kuwafunsa kuti, "Kodi mwathawa mlandu?"

"Tabwera kudzafunda," anatero Kamphinda, milomo itang'ambikang'ambika.

Khungubwe anaseka mpaka kutsala pang'ono kutsamwa. "Kudzafunda kuno? Ine ndimauluka pansi ndi pamwamba pomwe, ndikuuzeni. Mpweyawu uli ngati zofunda zosanjikiza. Chapansi n'chochindikala, muli utsi, muli fumbi, muli nthunzi ya madzi. Chimenecho n'chimene chimasunga kutentha kochokera m'nthaka. Inu mwachisiya m'munsimo. Chimene muli nacho kunochi n'chopyapyala, ndipo cha pamwamba apo n'chopyapyala koposa."

Kamphinda maso anawala. "Wamva, Nakwenda? Zofunda! N'zimene zikutitchinga dzuwa. Tikazivula zonse ndiye tifunda."

Khungubwe anatola nyemba yake, n'kuuluka osatsanzika.

Nakwenda anapirira masiku asanu. Lachisanu ndi chimodzi anamanga kamtolo kake, misozi ili m'maso, pakuti mwamuna wakeyo ankamukonda ndithu.

"Bambo, ine ndikutsika. Tiyeni titsikire limodzi. Tambala akadali moyo, tikangomupereka kwa amayi, nkhani yatha."

"Titsike tatsala pang'ono kufika? Anthu akatiseka."

"Atiseke tili ofunda, bambo."

"Pita. Ndikafika pansonga ndidzabwera kudzakutenga, ndipo udzandithokoza."

"Mwezi uja wayamba kale kuchepa," anatero Nakwenda. "Mawu a atsibweni musawaiwale."

Anatsika yekha, akucheukacheuka. Kamphinda sanacheuke, maso ake anali kumwamba.

Anakwera, anakwera. Udzu unatha, kunatsala miyala yokhayokha. Anamanga kamsasa, anakhalapo masiku atatu. Kuzizira. "N'chifukwa choti sindinafike." Anakweranso, anaunjika miyala kuti imutchinge mphepo, anakhalapo masiku anayi. Kuzizira. "N'chifukwa choti sindinafike."

Nyimbo ija ankaiimbabe, koma inkathera pakati. Akati, "Dzuwa, dzuwa," mpweya watha. Akayenda mapazi khumi, wefuwefu, mutu waliwali, ngati wathamanga mtunda wautali. Ankapuma mwamphamvu, koma m'chifuwa osadzaza.

Ndipo dzuwalo, chipongwe chake! Masana linkamuwaula mphuno ndi makutu mpaka khungu kusupuka, pamene zala za kumapazi zinali zii, osazimvanso. Kamphinda akagwira mphuno yosupukayo ankati, "Eya, layamba kundizindikira."

M'mawa wina tambala sanalire. Kamphinda anamupeza atauma gwa, miyendo m'mwamba. Anamunyamula, anamugwedeza, anamuika m'khwapa. Ayi ndithu. Zinamupweteka mumtima, koma anati, "Anali wofooka." N'kukwera kagawo kotsala.

Anafika pansonga penipeni, pamene palibenso pokwera. Anatambasula manja. Anadikira. Mphepo inangofuna kumugwetsa.

Pamwala wina panali Chiwombankhanga, mbalame youluka m'mwamba kuposa zonse za kuphiriko. Kamphinda anafunsa ndi mawu onjenjemera, "Pepani, achimwene. Kuchoka pano kukafika padzuwa patsala mtunda wotani?"

Chiwombankhanga anati, "Ine ndaulukapo kupitirira pano, mpaka pamene mapiko sagwira kanthu. Pamwamba pake palinso pena pamene mitambo sifika, kulibe mvula, kulibe mbalame. Kuzizira kwake kumene ndinafikako, kunoku n'kumoto. Ndipo dzuwa ndinaliona lili pomwe lija. Tandiuzani inuyo, mwakwera masiku onsewa. Dzuwalo lakula?"

Kamphinda anatchinga maso ndi dzanja, n'kusuzumira. Dzuwa linali laling'ono chimodzimodzi ngati mmene ankalionera kuseri kwa khola kuja.



"Simunasendere n'komwe," anatero Chiwombankhanga. "Chimene mwachita n'kutalikira nthaka basi."

Pamenepo Kamphinda anakumbukira mawu a atsibweni aja. "Nanga mwezi? Mwezi uli pati?"

"Unafa dzana."

Mayo ine! Kamphinda liwiro, kutsetsereka, kugwa, kudzuka. Anadutsa pamiyala paja. Anadutsa pakanyumba ka udzu. Analowa m'nkhungu, n'kutulukamo. Ndipo taona zake, akamatsika, mpweya ukudzaza m'chifuwa. Akamatsika, zala zikutsitsimuka. Akamalitalikira dzuwa lake lija, thupi likufunda. Anazindikira zonse, koma anazizindikira akuthamanga.

Anafika pamudzi m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono. Anthu anali pathanthwe monga mwa masiku onse. Ndipo pambali pa thanthwelo panali mkeka wopindidwa bwinobwino, pamwamba pake khasu.

Anaima. Anazindikira kuti n'zake.

Nakwenda anatulukira ndi mtsuko pamutu, akuchokera kumadzi. Anamuyang'ana, mphuno yosupuka, milomo yong'ambika, m'khwapa mopanda tambala. Maso ake anafiira, koma anangoti, "Moni, a Kamphinda," monga amalonjerera mlendo wodutsa. N'kulowa m'nyumba ya amayi ake.

Kenaka Kamphinda anaona a Nachisale atakhala pakati pa thanthwe, miyendo atawongola. Mwachizolowezi anatembenuka kuti apatukire kuseri kwa khola.

"A Kamphinda!"

Anadzidzimuka. Chikhalireni pamudzipo, mawu amenewo anali asanaitanepo dzina lake. Anacheuka. A Nachisale anali akumuyang'ana m'maso mwenimweni, osabisa nkhope, osauza mtondo.

"Mukuthawa chiyani? Bwerani mukhale apa muothere, mukunjenjemera. Palibenso manyazi tsopano. Simulinso mkamwini wanga."

Anasendera, n'kumusiyira malo abwino, pakati penipeni.

Kamphinda anakhala. Anaika zikhatho pathanthwe. Linali lofunda, mphwanga, lofunda bwino, kufunda kolowa m'mafupa pang'onopang'ono. Kufunda kumene anakakufunafuna pamwamba pa mitambo kunali apa, mapazi makumi awiri kuchokera kukhola. Anaweramira pansi, misozi ikudonthera pamwala n'kumauma yokha.

Anaothera mpaka dzuwa kufika pamutu. Palibe anamuthamangitsa. Atafunda bwinobwino ananyamula mkeka wake ndi khasu lake, n'kuuyamba ulendo wa kwawo. Potuluka m'mudzi anapeza Gulo uja pamwala, chafufumimba. Gulo anagwedeza mutu. Ulendo uno Kamphinda sananene kuti wavomereza.

Ndiye wamva, mphwanga. Dzuwa lili kumwamba, inde, koma kutentha kwake timakulandirira pansi. Ukadzapita chikamwini, apongozi ako akamauza mtondo nkhani, iwe udzatchere khutu, chifukwa mtondo suyenda maulendo. Ndipo akadzakupempha tambala, udzapereke akadali kulira.

Nthano yanga ndaitula pathanthwe pomwepo, yatha.