Nsomba imene inabwerera pa mpeni

Panali munthu wina kuseri kwa phiri la Zomba, dzina lake Malizani, amene ankaweta nsomba za makumba m'damu. Pokolola ankasankha zikuluzikulu kupita nazo kumsika, zing'onozing'ono n'kuzibwezera m'madzi kuti ziswane. Chaka ndi chaka, momwemo. Nsomba zinayamba kubadwa zokwinimbira, mpaka mphaka wa pakhomopo anachita kubwereka magalasi kuti aziona chimene amuponyera. Gaga ankathira, manyowa ankathira, koma ayi ndithu. Malizani anaganiza zokwirira damulo n'kudzalapo kabichi.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kukoleji ya zaulimi, a Dokotala Kalua. Anagwira nsomba makumi anayi, iliyonse n'kuidula kachipsepse, kuibaya kanambala pamsana, n'kuibweza m'madzi. Anati m'thupi mwa nsomba muli kalata imene makolo amasiyira ana, a sukulu amati DNA, ndipo iwo akufunamo chizindikiro cha kukula msanga. Malizani anangovomera. Mumtima ankati mayiwa akutolera ndiwo pang'onopang'ono.

Patatha miyezi itatu adokotala anaimba foni kuti akubwera masana ndi nkhani yokoma. Mlendo wotere simungamupatse tinsomba ta mphaka. Malizani analowa m'damu, matope mpaka m'khosi, nalimbana ndi chinsomba chimodzi chimene chinkazemba khoka lake zaka zonsezi, chimene adokotala aja okha ndiwo anachigwirapo. Anachigwira. Ena amati chinali ngati kamwana ka mbuzi. Ine ndimati mbuzi yeniyeni. Anachiika m'beseni la madzi n'kupatsa mkazi wake, Nagama, kuti akazinge.

Galimoto itangoima, adokotala anatsika akuvina, pepala lili m'mwamba. Anati chizindikiro chija chapezeka, koma nsomba zokhala nacho Malizani anazitha yekha kumsika. Yatsala imodzi, yaikazi, nambala seveni. Ikaswa, ana ake atengera.

Kukhitchini kunkamveka mpeni ukunoledwa pamwala.

Malizani analiyatsa liwiro, khola la nkhuku anachita kulidumpha ndi denga lomwe.

"Anagama, mpeni pansi!"

"Mwatani kodi abambo? Mafuta apsa kale, alendo adya chiyani?"

Malizani anaitembenuza nsomba ija. Pamsana, seveni. Inali ikupumabe. Anaifungatira ngati khanda, kudutsa alendo osapereka moni, mpaka kudamu, phava! Tsiku limenelo adokotala anadya nkhwani wopanda ndi tomato yemwe, koma ananyambita zala mpaka m'zigongono.

Lero nsomba ya kwa Malizani amanyamula anthu awiri pamtengo, ndipo mphaka anabweza magalasi kwa eni ake.

Tsono inu mukundimveranu, suzumirani m'damu mwanu, kaya ndi m'khola, kaya m'nkhokwe. Chimene chaposa zinzake musathamangire nacho pamoto, ngakhale mlendo abwere pa galimoto. Chisiyeni chibereke. Mlendoyo nkhwani adya.