Ndaziona Atsala Yekha Pasiwa

Ana inu, mawu ena amene timangowatchula lero anabadwira m'misozi ya munthu. Tamvani za Ndaziona.

Ndaziona anali mayi woumba mbiya m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Makolo ake anamwalira iye akukwawa, choncho analeredwa ndi agogo ake, a Nankhoma. Ankawakonda koopsa, moti atakwatiwa anamanga nyumba moyang'anana ndi yawo.

Koma anali ndi kachilema kamodzi. Uthenga wa maliro ukamveka, a Nankhoma ankanyamula tinkhuni ndi kaufa, ndodo m'manja, ulendo. Ndaziona ankatsala akukanda dongo, ati likauma silidikira munthu. Akamufunsa kuchitsime ankayankha kuti agogo apita kale, banja laimiridwa. Anthu ankangoti chabwino. Paja anthu akumudzi sakutsutsa pamaso, amangosunga mumtima.

Chaka china, anthu atangokolola, a Nankhoma anagona osadzukanso. Khamu lake, eee, pabwalo panasowa popondera. Amuna anakumba manda mosanyinyirika, amayi anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo gogoyo anaikidwa mwaulemu.

Tsono mwambo unali wakuti pochoka kumanda amayi amatsala pasiwa mpaka tsiku lometa, kumutungira madzi woferedwa, kumuphikira ndi kulira naye. Ndaziona anayala mphasa. Pocheuka anangoona amayi akumanga nsalu, aliyense kulunjika kwawo. Anathamangira kwa a Nagama, mnzawo wa malemu, n'kuwagwadira.

"Amayi, mukundisiya ndi yani?"

"Mwanawe, ife tinadzera a Nankhoma, ndipo tawaperekeza bwino. Iwo ankalira nafe. Nanga iwe unalirako kwa yani?"

Ndaziona anabwerera pamphasa paja. Masiku onse a pasiwa anakhala yekha, mphasa zili mbee. Mwamuna wake anayesa kumutonthoza, koma iye ankafuna munthu wowadziwa agogowo kuyambira kale, woti akumbutsane naye kasekedwe kawo ndi kakalipidwe kawo. Chisoni chinamudya, anaonda, chakudya osachifuna.

Mwezi usanathe, mlongo wawo wa a Nagama anamwalira. Ndaziona anasiya mbiya zaziwisi padzuwa, zing'aluke zikafuna, nasenza mtolo wa nkhuni. Atafika anakhala pakhomo penipeni, mwamanyazi. A Nagama anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera n'kumupatsa malo pamphasa pawo. Ali pomwepo a Nagama anayamba kumuuza za utsikana wa a Nankhoma, mmene ankavinira chimtali mpaka fumbi koboo, ndi mmene anakanira amuna a mudzi wonse. Ndaziona anaseka, kenako analira kwambiri. Analira onse awiri atagwirana, wina mlongo wake, wina agogo ake.

"Waona tsono," anatero a Nagama akumupukuta misozi. "Maliro n'kulirana."

Mwambiwu unayambira pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti pa tsoka la mnzako sutuma munthu, umapita wekha ndi miyendo yako. Amene wakhala naye pamphasa lero ndiye adzakhala nawe tsiku lako likadzafika.